Kambuku wa ku Barisal

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Matani phula pamtima pa mbalule kuti ikayankhula amve ndi a kutsidya. Amayi, konzani kukhosi, nthungululu ifunika. Amene tikumuitana lero si wa kuno. Kwawo ndi kutali, kuseri kwa nyanja yamchere, kudziko limene msewu wake ndi mtsinje, kumene mwana amagwira nkhafi asanadziwe kumanga lamba.

Gu! Gu-gu! Gu!

Abul Kasem Fazlul Huq! Huq Saheb wa alimi! Sher-e-Bangla!

Dzina lomalizalo simunalitole m'buku, anakuvekani ndi makamu a anthu, ndipo m'chinenero chathu likuti Kambuku wa ku Bengal. Koma omvera inu, chotsani m'maso kambuku wathu wamawanga uja, wobisala panthambi kudikira mbuzi yosochera. Wa kumeneko ndi wamizeremizere, thupi ngati mkango, mwini nkhalango za m'matope za Sundarbans, chilombo chosaopa madzi, chowoloka mtsinje chosambira usiku, asodzi n'kungoona mapazi m'mawa.

Inu mwana wa madzi! Munagwera pamphasa ku Saturia, kwawo kwa mayi anu, pa 26 Okutobala 1873, m'boma la Bakerganj, kumene madzi a Ganges ndi Brahmaputra, atatopa ndi ulendo wochokera kumapiri, amamwazika ngati zala za dzanja asanadziponye m'nyanja. Mwana wa ku Chakhar, mwana wa ku Barisal nkhokwe ya mpunga, kumene nsomba ya ilish ikanunkhira pamoto mudzi wonse umameza malovu. Mnyamata mmodzi yekha m'nyumba ya a Muhammad Wazid, loya wa m'makhoti a Barisal. Mbewu ya loya, mphukira ya loya, munayamwa mukumva milandu pakhonde.

Chimeza-mabuku! Mtafuna-masamu! Ku Presidency College, mumzinda wa Calcutta, anzanu ankasenza phunziro limodzi msana n'kupindika. Inu munasenza atatu, masamu, Physics ndi Chemistry, n'kuwatula onse mwaulemu mu 1894. Mu 1896 digiri yachiwiri, ya masamu. Mu 1897 ya malamulo. Malilime asanu m'kamwa m'modzi: Chibengali cha amayi, Chingerezi cha kukhoti, Chiurdu cha pamsonkhano, Chiarabu ndi Chiperisiya cha m'mabuku akale. Uloya munakausulira pamapazi a Ashutosh Mukherjee, mkulu amene nayenso anthu ankamutcha kambuku wa ku Bengal. Kambuku kuphunzira kusaka kwa kambuku mnzake, Msilamu kwa Mhindu! Lisungeni dzina la Mukherjee, omvera, libweranso ng'oma ikatentha.

Mu 1906 munakoleka mkanjo wa uloya pamsomali n'kulowa ntchito ya boma la Angerezi, poyamba ngati wachiwiri kwa majisitireti, kenako woyang'anira mabungwe a alimi obwereketsana ndalama. Ntchito yachiwiriyi ndi imene inakukwezani bwato, n'kukulowetsani m'timitsinje, m'midzi yoyandama pakati pa minda ya mpunga, n'kukuonetsani chilonda chimene munakhala mukuchitsuka moyo wanu wonse.

Tsitsani ng'oma, anyamata. Apa pafunika makutu.

Mu 1793 Lord Cornwallis anakhazikitsa lamulo lotchedwa Permanent Settlement. Lamulolo linapereka nthaka ya Bengal kwa a zamindar, eni malo: iwo azilipira boma msonkho wosasintha mpaka kalekale, kwa mlimi azitolera lendi. Msonkho wa mwini malo unaima chilili. Lendi ya mlimi ndi imene inamera miyendo. Pakati pa zamindar wokhala m'nyumba yosanja ku Calcutta ndi munthu wotsatira ng'ombe m'matope panadzaza amkhalapakati, uyu wabwereka malo kwa uyo, uyo kwa winanso, makwerero a anthu osalima, aliyense ndi chipande chake mumphika umodzi. Kwa mwini malo kukakhala ukwati, mlimi asonkhe. Munda ukasintha manja, mwini malo alandire yake yotchedwa salami. Ife amene agogo athu analawa thangata sitifuna womasulira pamenepa.

Ndipo khomo lina linali la mahajan, wakatapila, ndi buku lake, ndi inki yodindira chala. Mlimi wa jute, chomera chija amapangira ziguduli, akabwereka ya mbewu ankabweza ya mbewu, ya mwana wa mbewu ndi ya mdzukulu wake. Mtengo wa jute utagwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1930, ng'ombe zinapita, ndolo za mkazi zinapita, munda unakhala chikole. Bambo akamwalira, chuma chamasiye cha ana chinali ngongole. Kum'mawa kwa Bengal olima ambiri anali Asilamu, eni malo ndi obwereketsa ambiri anali Ahindu, ndipo andale a mbali zonse anapeza pamenepa nkhuni zouma zosonkhezera moto wa chipembedzo. Inu munayang'ana kaye mumphika.

Kwezaninso! Fulumizani manja, zaka izi zithamange!

Mu 1912 munabweza makiyi a ofesi, kubwerera ku High Court ya Calcutta. Mu 1913 ndinu phungu wa chigawo cha Dacca m'nyumba ya malamulo ya Bengal, ndipo makoma anaphunzira kunjenjemera. Mu 1916 muli ku Lucknow, pamene zipani za Congress ndi Muslim League zinapatsana dzanja. Mu 1918 mukutsogolera msonkhano wa League ku Delhi, uku muli mlembi wamkulu wa Congress. Mponda-mabwato-awiri! Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Inu munabisala m'mapanga awiri osanyowa, mvula inadzakupezani patsogolo. Mu 1920 munatsegula nyuzipepala ya Nabajug, cholembera n'kuchipereka kwa Kazi Nazrul Islam ndi Muzaffar Ahmad, anyamata amoto. Ndipo a Gandhi ataitana ophunzira kuti anyanyale sukulu za boma, inu munakana: mwana wa mlimi wangofika kumene pakhomo la kalasi, mukuti atulukenso?

Nduna ya maphunziro mu 1924, miyezi yochepa chabe, koma mbewu munaikwirira: Islamia College inatsegula zitseko ku Calcutta mu 1926, ndipo mwa anyamata amene anadzakhala pamabenchi ake panali Sheikh Mujibur Rahman. Ku London mu 1930 ndi 1931, pamisonkhano ya tebulo lozungulira. Mu 1935 meya wa Calcutta, Msilamu woyamba kukhala pampandowo.

Tsopano gunda ilire. Ilire mpaka m'mimba. Tafika pa 1937.

Lamulo la Angerezi la 1935 linali litatsegulira voti alimi ambiri amene kale sankawerengedwa ngati anthu. Inu munali ndi chipani chanu, Krishak Praja, chipani cha olima ndi olipira lendi, chopanda galimoto, chopanda thumba. Ku Patuakhali, kummwera kwa madambo, kunaima Khwaja Nazimuddin, wa banja la a Nawab a ku Dacca, wophunzira ku Cambridge, munthu wa League, woimira dera limene banja lake linkatolerako lendi. Ndani akanalimba mtima kukamutokosa pakhomo pake? Munapita ndinu. Munapita pabwato, chimunthu chachikulu, mawu ngati bingu la mvula yoyamba, n'kukaima pamisika ya m'mbali mwa mitsinje ndi mawu awiri okha: dal-bhat. Mphodza ndi mpunga. Ena ankalonjeza ulemerero, ena ankalumbira pa chipembedzo, inu munalonjeza mbale. Munati wogwira pulawo ndiye mwini munda. Alimi amene ankavula nsapato, ngati anali nazo, podutsa pakhomo la mwini malo, anakaponya voti mwakachetechete, ndipo mwana wa a Nawab anagwa chagada pabwalo la kwawo.

Chigwetsa-akalonga! Mbale-ya-amphawi! Kamwa-ng'oma wa ku Patuakhali! Lululutani, amayi!

Pa 1 Epulo 1937 munakhala nduna yaikulu yoyamba ya Bengal. Koma mipando yanu m'nyumba ya malamulo inali yosakwana. Munagogoda kwa Congress, Congress inakhoma chitseko. Munatembenukira kwa League. Ndipo taonani zodabwitsa: munthu amene munamugwetsa ku Patuakhali munamudzutsa nokha, kumusasa fumbi, kumupatsa unduna wa zam'dziko, apolisi ndi ndende m'manja mwake. Huseyn Shaheed Suhrawardy nayenso analowa. Kambuku anagona m'khola limodzi ndi alenje.

Ngakhale zinali choncho, zikhadabo zinagwira ntchito. Mdula-chingwe-cha-katapila! Lamulo lothandiza alimi angongole linalipo kale inu musanalowe, koma linali gone m'kabati. Boma lanu linalipatsa miyendo. Mabwalo oweruza ngongole anamera m'midzi masauzande. Pabwalo lotero ankakhala anthu a m'dera lomwelo, wobwereka mbali iyi, wobwereketsa mbali iyo, buku lija litsegulidwe padzuwa, aliyense aone. Unabwereka zingati? Wabweza kale zingati? Yotsalayo ankaidula kufika pamene munthu angathe, n'kuigawa kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo nkhani ikakhala pabwalo limeneli mlandu wa kukhoti unkaima kaye. Si onse anapeza chilungamo, mabwalo ena anagwidwa ndi olemera a m'mudzi, ndipo akatapila ena atakwiya anangomanga thumba, mlimi n'kusowa kobwereka. Koma kwa nthawi yoyamba chala chimene chinkangodinda chinaloza.

Mu 1938 munakonza lamulo la lendi: salami ija inathetsedwa, kukweza lendi kunaimitsidwa zaka 10. Mu 1940 lamulo la obwereketsa ndalama linaika denga pa chiwongoladzanja. Unduna wa maphunziro simunaupereke kwa wina, munaufungatira nokha ngati nkhuku pamazira: Lady Brabourne College ya atsikana ku Calcutta mu 1939, koleji kumudzi kwanu ku Chakhar mu 1940, nyumba yogona ophunzira pa yunivesite ya Dacca imene mpaka lero ikutchedwa dzina lanu. Mmanga-sukulu! Bambo wa ana opanda fizi! Amanena kuti wobwera kudzalira pakhomo panu sankabwerera chimanjamanja, n'chifukwa chake inuyo, womasula angongole, munkayenda ndi ngongole zanu kumsana.

Musaleke kuomba, koma ndilekeni ndinene, pakuti wotamanda wobisa chipsera ndi wamalonda. Ku Patuakhali munalonjeza kuzula uzamindar ndi mizu yomwe. Mutalowa, munapeza kuti nduna zanu zambiri ndi eni malo. Mmalo mwa nkhwangwa munatulutsa komiti, yotsogozedwa ndi Sir Francis Floud, imene mu 1940 inavomereza kuti lamulo la Cornwallis lichoke. Pepalalo linagona zaka 10, uzamindar n'kudzathetsedwa ku East Bengal mu 1950, inu muli kunja kwa mpando. Aphungu a chipani chanu chomwe anakuthawani, nati Huq Saheb wagulitsa pulawo. Mu 1938, atafuna kugwetsa nduna zanu ndi voti, anakupulumutsani ndi aphungu achizungu, oimira makampani a jute ndi tiyi. Ndipo masiku ena, khamu likakutenthetsani magazi, moto wa chipembedzo uja munauponyera nkhuni nanunso. Lilime lanu linali mphatso, linalinso ngozi.

Gu-gu! Gu-gu! Ku Lahore!

Pa 23 Malichi 1940 chinamtindi cha League chinasonkhana ku Minto Park, Muhammad Ali Jinnah ali pampando. Pofuna munthu woimika mfundo yaikulu pamaso pa msonkhano, anaitana inu, nduna yaikulu ya chigawo chokhala ndi Asilamu ochuluka kuposa china chilichonse. Munaimirira, bwalo linaphulika ndi dzina lanu. Mfundo imene munawerenga inati madera a kumpoto chakumadzulo ndi a kum'mawa, kumene Asilamu ali ambiri, akhale mayiko odziimira paokha. Mayiko, omvera, osati dziko. Dzina loti Pakistan munalibe m'pepalalo. M'Chingerezi kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kachilembo kamodzi kumchira. Mu 1946, pamsonkhano wa aphungu a League ku Delhi, kachilemboko anakafufuta. Mu 1971 ana a Bengal anakalembanso ndi magazi.

Koma makambuku awiri sagawana phiri. Mu 1941 Lord Linlithgow, woimira mfumu ya ku Mangalande, anakuikani m'khonsolo yoona za chitetezo pa nkhondo. Jinnah analamula kuti mutuluke. Munatuluka, koma mukubangula, mukulemba kalata yoti Asilamu a ku Bengal sadzayendetsedwa ndi chingwe chochokera kutali. Chaka chisanathe League inakuchotsani. Munthu amene anawerenga mfundo ya ku Lahore anaponyedwa kunja kwa mpanda miyezi 21 isanakwane.

Wosagona-pansi! Mu Disembala 1941 munaumba boma lina, ndipo nduna ya zachuma anali ndani? Syama Prasad Mukherjee wa chipani cha Hindu Mahasabha, mwana wa Ashutosh, mphunzitsi wanu uja. Ndinakuuzani kuti dzinalo libwerera. A League anati mwapereka Asilamu kwa adani. Ena anati mwangofuna mpando. Ine wong'amba kukhosi pano ndikuti zonse ziwiri zikhoza kukhala ndi kachoonadi, komabe aka kanali komaliza kuti atsogoleri akuluakulu a Ahindu ndi Asilamu a Bengal adyere mbale imodzi ya boma. Zitatha izi kunatsala mipeni.

Mpanje yokha tsopano. Pang'onopang'ono, ngati mapazi a opita kumanda.

Mu Malichi 1942 Rangoon inagwa m'manja mwa Japan, mpunga wa ku Burma unaleka kubwera. Angerezi, poopa kuti adani atsikira pagombe, analamula kuti mabwato a m'maboma a kunyanja alandidwe, mpunga wotsala uchotsedwe. Mabwato! Kudziko limene bwato ndi miyendo, ndi ngolo, ndi msika, ndi khasu la msodzi! Anawakoka masauzande ambirimbiri, ena kuwaphwanya, ena kuwasiya aole pamadoko. Kwanu ku Bakerganj kunali pakati pa mabomawo. Munadandaula kuti nduna zadumphidwa, bwanamkubwa Sir John Herbert sanatembenuke. Mu Okutobala namondwe anakantha Midnapore. Mukherjee anatula pansi udindo mu Novembala, atanyansidwa ndi nkhanza za boma kumeneko. Mtengo wa mpunga unayamba kukwera makwerero.

Pa 28 Malichi 1943 Herbert anakuitanani kunyumba ya bwanamkubwa madzulo. Patebulo panali kalata yotayipa kale, yonena kuti inu mwatula pansi udindo. Inkangodikira dzina. Anakuuzani za boma la zipani zonse limene lidzabwere mukapatuka. Loya wa zaka zoposa 40 m'malamulo, inu amene munaphunzitsa alimi kuti asadinde chala papepala la wakatapila, munasayina. Boma la zipani zonse silinabwere. Mu Epulo mpando unapatsidwa kwa Nazimuddin.

Ndipo njala inalowa. Anthu oposa 2 miliyoni, ena amati 3 miliyoni. Olima mpunga anafera m'misewu ya Calcutta akupempha phan, madzi otsanulidwa mumpunga wophika. Osati mphodza, osati mpunga: madzi ake okha. Munthu wa dal-bhat munali pabenchi yotsutsa, mukubangula m'nyumba ya malamulo, koma kubangula sikuphika. Sindikuchotserani gawo lanu, pakuti mitambo inasonkhana inu muli pampando. Koma nkhafi anali atakulandani kale.

Tidutse msanga apa, pali utsi. Chisankho cha 1946 League inasesa, chipani chanu chinatsala mafupa, ngakhale inuyo mpando wanu palibe anaugwedeza. Mu Ogasiti chaka chomwecho Calcutta inasamba magazi. Mu 1947 Bengal inadulidwa pakati ngati nsomba, mbali ya kum'mawa n'kupita ku Pakistan, ndipo munasiya mzinda umene munali meya wake, kupita ku Dacca, kukakhala mkulu wa maloya a boma la East Bengal. Anthu anati kambuku wakalamba, mano agweruka, msiyeni awothere dzuwa.

Anaiwala kuti ndi wosambira.

Pa 21 Febuluwale 1952 apolisi anawombera ophunzira ku Dacca chifukwa chofuna kuti Chibengali chikhale chinenero cha boma pamodzi ndi Chiurdu. Amene ankalamula kuchokera ku Karachi, nduna yaikulu ya Pakistan, anali Nazimuddin yemwe uja. Dziko linatupa ngati mtsinje wa m'dzinja. Mu 1953 munadzutsa chipani china, Krishak Sramik, cha olima ndi apantchito, ndipo mu Disembala munagwirana manja ndi Maulana Bhashani ndi Suhrawardy mumgwirizano wa United Front. Mfundo 21, kukumbukira tsiku la 21. Chizindikiro cha pavoti chinali chiyani? Ombani mwamphamvu, anyamata, ng'ambani chikopa ngati n'kotheka! Bwato! Bwato limene Angerezi analanda mu 1942 linabwerera papepala la voti, ndipo kutsogolo kwake kunakhala nkhalamba ya zaka 80.

Gu-gu-gu! Gu-gu-gu! Gu!

Mu Malichi 1954, pa mipando 237 ya Asilamu, mgwirizano unatenga 223. League, chipani chimene chinabala Pakistan, inatsala ndi yowerengeka pazala. Nduna yaikulu ya chigawo, Nurul Amin, anagwetsedwa kwawo ndi mnyamata chabe. Gogo-wa-bwato! Mwezi-wobwerera! Nkhalamba yogwetsa chipani ndi nkhafi! Pa 3 Epulo munalumbiranso kukhala mutu wa boma, ndipo mu Meyi mnyamata wa ku Islamia College uja, Mujib, analowa m'gulu la nduna zanu.

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Munapita ku Calcutta, mzinda wa unyamata wanu, anzanu akale anakulandirani ndi misozi, ndipo mtima unatsogola: munanena za ubale wa Abengali a mbali zonse ziwiri umene malire sangaudule. Ku Karachi anatola mawuwo n'kuwanola. Ku fakitale ya jute ya Adamjee ku Narayanganj kunabuka chipolowe, anthu mazanamazana anafa. Nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti mukufuna East Bengal idziimire payokha. Munakana kuti simunatero, koma ofuna kukumizani anali atabowola kale bwato. Pa 30 Meyi 1954 boma lanu linachotsedwa, miyezi iwiri isanakwane. Nduna yaikulu ya Pakistan, Mohammad Ali Bogra, anakutchani woukira dziko pawailesi. Iskander Mirza anatumizidwa kudzalamula, Mujib anatsekeredwa, inu munakhala mkaidi wosachoka panyumba. Mavoti a anthu mamiliyoni anafufutidwa ndi siginecha imodzi.

Sekani pang'ono, omvera, ndale zili ndi nthabwala zake. Mu Ogasiti 1955 Karachi yemweyo anakuitanani, nakupatsani unduna wa zam'dziko wa Pakistan yense. Woukira wa chaka chatha, chaka chino wosunga makiyi a apolisi! Munavomera, ndipo anzanu ena a m'bwato lija sanakukhululukireni. Koma muli pampando umenewo malamulo oyendetsera dziko a 1956 anamalizidwa, ndipo m'menemo Chibengali chinaima pambali pa Chiurdu ngati chinenero cha boma, chinthu chimene ana aja anafera. Mu Malichi 1956 munakhala bwanamkubwa wa East Pakistan, East Bengal yomwe ija m'dzina latsopano, mpando wa mtundu womwe uja unali wa Herbert. Ndipo pano mbalule ichite manyazi pang'ono: pa 31 Malichi 1958 inunso munachotsa boma la nduna yaikulu Ataur Rahman Khan. Kusanache bwino, Karachi anachotsa inu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Msintha-mabwato, ndikutchani dzinalo osabisa nkhope. Congress munakwera, League munakwera, munatsika, munakweranso. Mahasabha munapalasa nayo, Bhashani munapalasa naye, Karachi munapalasa naye. Ophunzira amakangana mpaka lero ngati munali ndi njira kapena munkangotsata mphepo. Koma mlimi wa ku Bakerganj amene munda wake unabwerera kuchokera m'buku la mahajan sankafunsa mtundu wa bwato. Ankati Huq Saheb, basi, ngati akutchula malume ake.

Munatsikira kulichete pa 27 Epulo 1962 ku Dacca, muli ndi zaka 88, Ayub Khan ndi asilikali ake atatseka kale pakamwa pa andale onse. Mzinda unaima, chikhamu chinadzaza bwalo la Paltan kudzakupemphererani. Bangladesh, dziko limene ana a Bengal analemba ndi magazi mu 1971, simunalione. Koma nyumba yake ya malamulo yaima pamalo otchedwa Sher-e-Bangla Nagar, ndipo ku Mirpur, timu ya dzikolo ikamasewera cricket, bwalo limene khamu limafuuliramo ndi la dzina lanu, osewerawo n'kumatchedwa akambuku.

Chepetsani, anyamata. Zala zokha.

Pafupi ndi High Court yakale ya Dacca, lero Dhaka, pambali pa mzikiti wakale wa Shahbaz Khan, pali manda atatu pansi pa denga limodzi. Munayamba kugonapo ndinu. Mu Disembala 1963 anabweretsa Suhrawardy, atamwalirira m'hotela ku Beirut: nduna yanu, mdani wanu, mnzanu wa m'bwato. Mu Okutobala 1964 anabweretsa wachitatu, namuyala pafupi nanu. Khwaja Nazimuddin, wa ku Patuakhali uja.

Gu.

Gwirani chikopa ndi chikhatho, chileke kunjenjemera.